Tsiku Limene Phungu Anavula Jekete

Nyimbo inamupeza akumwa tiyi yekha mu ofesi, monga mwa masiku onse. Phungu anaika kapu pansi n'kutchera khutu. Inali nyimbo ya sitalaka, ija ankaitsogolera iye pageti la fakitale ya nsalu kalelo, asanadziwe n'kumanga tayi komwe.

Masiku amenewo ankamutcha Chimkuzamawu. Akakwera pamgolo n'kukweza chibakera, makina onse ankangoti zii. Antchito omwewo ndiwo anamunyamula pamapewa mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Kenaka kunabwera galimoto, mlonda pakhomo, ndi anzake atsopano oseka ndi mano okha. Akale aja ena anamwalira, ena anatopa kumudikira pabenchi. Mkazi wake naye anatsogola. Omugwadira analipo ambiri, koma womufunsa kuti wadzuka bwanji analibe, ndipo zinkamupweteka.

Anasuzumira pazenera. Msewu wonse unali maovololo okhaokha.

"Andikumbukira," anadziuza. "Zawathina, abwera kwa mwini nkhondo. Madzi saiwala khwawa."

Mlembi wake analowa mothamanga. "Olemekezeka, chonde tiyeni tikubiseni."

"Ine kubisala kwa ana anga?"

Lamulo lakale la bungwe la antchito ankalikumbukira bwino: mtsogoleri salankhula ali pakhonde la mabwana, amatulukira m'gulu. Anavula jekete ndi tayi, napinda malaya m'mikono. Anadzera khomo lakumbuyo, nazungulira mpanda, nalowerera pakati pa anthu.

Fungo la thukuta ndi girizi linamulandira ngati kwawo. Anatsegula kukamwa n'kuyamba kuimba nawo, ndipo mawu aja analipobe, ndithu! Oyandikana naye anacheuka, ena n'kuomba m'manja. Mayi wina wa mpango wofiira, amene ankalongosola mizere, anamugwira paphewa n'kumupatsa botolo la madzi. Misozi inalengeza. Sankakumbukira tsiku limene munthu anamugwirapo chomwecho.

Anakonza kukhosi kuti ayambe kulankhula.

"Nyimbo mumaitha, madala," anatero mayiyo. "Khalani pafupi ndi ine asakupondeni. Akangotuluka phungu wogulitsa anzakeyu, inuyo ndi mawu anuwa muyambitse kumukuwiza. Kodi nkhope yake mumaidziwa? Ife sitinamuonepo."

Phungu anapukusa mutu. Dzanja la mayiyo linali likadali paphewa pake, ndipo sanafune kuti lichoke.