Jezi ya Nambala 6

Batani lapakati la jekete linakana kulowa, koma Dalaivala sanagonje. Anakoka mimba, n'kulikakamiza, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Mpando wake unali kutsogolo kwenikweni, m'mphepete mwa bwalo la basiketibolo, pomwe nsapato za osewera zimachita kulira m'makutu.

Dzinalo anam'patsa ndi masapota. Zaka zonse zimene anasewera mu ligi yaikulu anali poyinti gadi, munthu amene amatenga mpira kumbuyo, n'kuona mnzake amene ali pabwino, n'kumupatsira. Anali wamfupi pakati pa zimphona, koma zimphonazo zinkadyera m'manja mwake. Timu ikathamanga, ndiye kuti Dalaivala waponda moto. Ikadekha, ndiye kuti wagwira buleki. Anasiya mpira bondo lakumanzere litayamba kulosera mvula.

Chisiyireni, dziko linamuiwala msanga kuposa mmene ankaganizira. Tsopano ankagulitsa matayala a galimoto, ndipo makasitomala achinyamata ankamutchula kuti "madala", osadziwa kuti manja akuwapatsa lisitiwo anagwedezapo bwalo lonse. Zinkamupweteka, ngakhale sankanena.

Ndiye sabata yatha wapampando wa kalabu anaimba foni kunyumba. "Loweruka, nthawi yopumulira, tipumitsa jezi ya nambala 6. Tiikweza kudenga, sidzavalidwanso. Mubwere nonse awiri, chifukwa..."

Dalaivala sanadikire chifukwacho. Anathokoza mobwerezabwereza n'kudula foni. Nambala 6! Imene anavala zaka zonsezo mpaka tsiku lomaliza!

Tsopano m'bwalo muja, pambali pake panakhala mkazi wake, maso ali pamasewero. Nayenso anasewerapo m'timu ya amayi ya kalabu yomweyi, ndipo awiriwo anadziwana m'khonde la bwalo lomweli. Koma kunyumba nkhani za mpira ankakamba ndi Dalaivala. Alendo akabwera, mkaziyo ankangomwetulira n'kumawonjezera madzi m'matambula.

Sabata yonseyo mkaziyo anayesetsa kuyambitsa nkhani.

"Bambo, za Loweruka zija..."

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa. Ndisalankhule nthawi yaitali. Ndipo musadandaule, ndikutchulani."

Dalaivala analoweza mawu ake ali m'bafa, ali pagalasi, ngakhale pakati pa milu ya matayala. Ankayamba ndi ubwana wake, n'kudutsa pa makochi onse amene anamunyoza chifukwa cha msinkhu, n'kumalizira pa bondo.

M'bwalomo kamnyamata kamene kanali poyinti gadi wa timu tsopano kanalandidwa mpira kachiwiri. Dalaivala anapukusa mutu mokweza kuti amene ali kumbuyo aone.

"Akuyang'ana mpira m'malo moyang'ana anthu," anatero mkazi wake chapansipansi.

"Ndi zomwe ndimati ndinene," anayankha Dalaivala.

Dzanja lalikulu ngati fosholo linam'gwira paphewa. Anali Mlongoti, chimphona chimene ankachipatsira mipira masiku amenewo, tsopano imvi zili mbuu.

"Suti yatsopanotu iyi, achimwene! Mwachita kugula chifukwa cha lero?"

"Tsiku ngati ili silibwera kawiri."

Mlongoti anayang'ana mkazi wa Dalaivala. Mkaziyo anayang'ana kudenga. "Zoonadi," anatero Mlongoti, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene chinkamveka ngati chiseko.

Wezulo inalira. Osewera anatuluka thukuta lili kamukamu. Magetsi anazima, n'kutsala limodzi lowala pakati pa bwalo, pomwe anyamata awiri anakankhirapo chimango chachikulu chophimbidwa ndi nsalu yakuda. Mtima wa Dalaivala unagunda ngati mmene unkachitira masekondi omaliza a fainolo. Anapukuta zikhatho pathalauza.

"Amayi ndi abambo," anayamba wolengeza, "lero tikulemekeza poyinti gadi amene bwalo lino silinaonenso wofanana naye!"

Anthu anakuwa. Dalaivala anaweramitsa mutu modzichepetsa, monga anayeserera pagalasi.

"Wamfupi mu msinkhu, koma maso paliponse! Amene ankapatsira mpira asanaone n'komwe kumene ukupita!"

Dalaivala anagwedeza mutu. Zinali zoona.

"Amene anabweretsa zikho zisanu m'nyumba muno!"

Apa anakwinya nkhope pang'ono. Iye ankakumbukira ziwiri. Koma olengeza ndi anthu okonda kuthira mchere, ndipo ndani angaimirire pagulu n'kunena kuti mwandichulukitsira ulemu?

"Tiyeni tonse tiimirire!"

Bwalo lonse linanyamuka, mapazi akugunda matabwa. Misozi inalengeza m'maso mwa Dalaivala. Sanamuiwale. Anthu ake sanamuiwale! Anakonza kolala, anaponda phazi limodzi pamzere wa bwalo, dzanja lili m'mwamba kupereka moni mbali zonse.

Nsalu yakuda inagwa. Nambala 6 inawala bwinobwino, koma jeziyo sinali yofiira ya timu ya abambo. Inali yobiriwira, ya timu ya amayi.

Mkazi wake anam'pachika chikwama chake padzanja lokwezalo. "Tandigwirirani, a Dalaivala," anatero akulowa m'bwalo. "Mwaiwala kuti nambalayi munatengera kwa ine, nthawi ija munkandifunsira?"