Maimuna Agawa Katundu

Ketulo anapatsa Nuriya. Fani, bulangete ndi nsapato zakuda zogwirira ntchito zinapita kwa atsikana a chipinda choyandikana. Pofika masana a Lachisanu limenelo, pabedi la Maimuna ku Al Asmakh panangotsala sutikesi imodzi ndi mwini wake atakhala pambali pake, akuseka yekha ngati mkwatibwi.

Amalawi a ku Doha amatsanzika chomwecho. Wopita kutchuthi amakiya katundu wake. Wopita kosabwerera amagawa zonse, mpaka supuni.

"Koma achemwali, mwatsimikizadi?" anafunsa Nuriya, mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

"Khalasi, zatha basi!" anatero Maimuna. "Ndarizaina, viza akansela, ndege ndi mawa m'mawa. Mabafa a mu hotela azitsuka ena. Ine ndine mayi wa munthu wogulidwa."

Wogulidwayo anali Latifu, mwana wake mmodzi yekhayo. Mnyamatayu anakula akumenya chikulunga ku Mangochi, ndipo mwendo wake wamanja unamupezera malo pa koleji ina ku America. Kumeneko amasewera mpira wawo wooneka ngati papaya, anthu n'kumawombana atavala zisoti. Latifu sankawombana ndi munthu. Ntchito yake inali kulowa m'bwalo, kumenya mpirawo kamodzi kuti udutse pakati pa mizati iwiri, n'kubwerera kukakhala pansi. Maimuna, amene ankakolopa zipinda za hotela ku Al Dafna mpaka msana kuuma, ankati Mulungu pogawa ntchito amakondera ndithu.

Kumayambiriro kwa chaka, Latifu anauza mayi ake kuti akufuna kusamuka koleji, ndipo makoleji awiri akuluakulu ayamba kale kumulimbirana. Maimuna sanamvetse chimene sukulu zingalimbiranire mwana. Amene anamutsegula m'maso ndi Edwin, mlonda wa pa hotela pomwepo, munthu woti mpira wa ku America ankaudziwa chifukwa chosuzumira TV ya alendo.

"Amake Latifu, masiku ano ana a koleji akulipidwatu," anatero Edwin. "Si zakale zija zosewerera buku ndi mbale ya chakudya. Pleya akatransifa, koleji yatsopano imakhuthula madola. Ndiye mwendo ngati wa mwana wanuyo ndi wosowa. Inu mwawoloka basi."

Anamuonetsa ndi pa foni pomwe. Chingerezicho Maimuna sanachitsatire bwino, koma nkhope inali ya Latifu, ndipo pansi pake panali zizindikiro za makoleji awiri aja.

Kenaka kunafika uthenga wa Latifu mwini: zatheka, wasayina, adzaimba Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo amayi adzavina. Maimuna sanadikire Lachisanulo kuti avine. Anavina mu lifiti, anavina ndi mopu, supavaiza mpaka anamufunsa ngati wadwala. Tsiku lotsatira anakapereka notisi.

Nuriya anayesa kumugwira mkono. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali."

"Nkhonoyo ndaidekhera zaka zingati muno? Nayonso itulutse maso!"

Kunena zoona, si madola okha amene ankamuvinitsa. Maimuna anamusowa mwana wake koopsa. Chichokereni Latifu kwawo, sanamugwirepo dzanja. Mnyamata akakhala pa tchuthi, hotela inali yodzaza alendo; Maimuna akapuma, tikiti inali yosagulika. Ndevu za mwana wake anaziona zikumera pa foni. Tsopano zonse zinali poyera: iye akakhala pakhonde ku Mangochi, Latifu azikatera ndi ndege tchuthi chilichonse, anthu azikanong'onezana kuti mayi ake ndi awo. Za kusiya ntchitozi sanamuuze mwanayo dala. Anafuna kuti Latifu poimba adzapeze mayi ake atamanga kale katundu, aone kuti amamukhulupirira.

Atatuluka anthu ku mapemphero a Juma, chipinda chinayamba kudzaza. Anabwera a m'mahotela, anabwera a m'nyumba za ku Nuaija amene mabwana awo anawalola kutuluka, wina ndi mpunga, wina ndi tchapati, wina ndi fulasiki ya tiyi wa karaki. Edwin anaima pakhomo, pachifuwa patatupa ngati wagulidwa ndi iyeyo. Azimayi anayambitsa nyimbo ya kwawo, akuwomba m'manja motsitsa kuti mwini nyumba asamve, koma Maimuna atamanga mpango m'chiuno, zotsitsazo zinaiwalika.

"Mukakafika musakatiiwale, bwana!"

"Inshallah! Mukadzabwera ku Mangochi mudzafunse nyumba ya geti."

"Nanga mpongozi muli naye kale? Mwana wanga ali Fomu Folo."

"Yala, tiyeni, kafoleni pamzere!"

Foni inalira. Maimuna anapukuta manja pa diresi, anaimika foniyo pa sutikesi, ndipo mitu yonse inaunjikana kumbuyo kwake. Nkhope ya Latifu inatulukira, yonenepa bwino, chikwama chili kumsana. Nthungululu inaphulika yokha.

"Salaam aleikum, amayi. Kuli phwando kodi?"

"Waleikum salaam, bambo anga! Phwando lako lomwe. Nena msanga anthu amve, ndi koleji iti yakugula?"

Latifu anaseka mwachimwemwe.

"Palibe, amayi. Madola awo ndawakana onse awiri, mpira ndasiya. Ndasamukira ku koleji ya konkuno ku Doha kuti ndizikuonani Lachisanu lililonse mpaka ndimalize sukulu. Ndangotera kumene pa bwalo la ndege la Hamad. Ndikwere sitima ya metiro yopita kuti?"