Mipira Yogwera Pamchenga

Mpira wa Sumaili unadutsanso pamwamba pa anzake onse n'kukagwera pamchenga wa pakona, pomwe panalibe munthu. Sunanjanje. Unangokhala phee, mpaka wotchinga kumbuyo wa timu inayo anadzautenga mosathamanga n'komwe.

A Henderson anadina patabuleti yawo n'kupukusa mutu. Anachokera ku timu ina yaikulu ya ku Blantyre kudzasankha wosewera mmodzi yekha pabwalo la ku Songani, ndipo makinawo ankawerenga mpira uliwonse wofika kwa mnzako ndi uliwonse wotayika. Pagalimoto yawo panatsamira munthu wovala chipewa chophimba maso. Sanapereke moni kwa aliyense.

Popumulira, kochi Makaiko anamukokera Sumaili pambali.

"Iwe, lero lokha menya yaifupi. Ukaphonya mwayi uwu, udzakalamba ukuitanira minibasi pa Songani pompano."

"A kochi, ine sindimenyera tabuleti."

Mutu wouma bwanji! Mnzake wosewera naye pakati, Everson, anali atazitulukira kale: kupatsa wakumbuyo, wakumbuyo kumubwezera, iye kupatsanso wakumbuyo yemweyo. Sanataye ngakhale umodzi. Kugolo kwa adani sanasuzumireko, koma tabuleti zimenezo sifunsa.

Sumaili anapitiriza zake. Kudzutsa mutu, kumenya, pamchenga. Ndi mchenga umene madzi ochokera kuphiri amasiya dzinja lililonse, ndipo osewera ambiri amaulambalala. Anthu anayamba kumukuwiza. Wina anakuwa kuti akafunefune maganyu odzaza mchenga m'malole. Zinamuwawa, koma wotsatirawo anaumenyeranso pomwepo.

Masewero atatha, a Henderson sanachedwe.

"Ndatenga Everson," anauza kochi. "Wapamchengayo manambala ake ndi omvetsa chisoni." Kenako analoza wachipewa uja. "Komanso ndakubwezerani Alaudin wanu. Tinamutenga chaka chatha poona zigoli zake, koma kwathu sanagoletse ngakhale chimodzi."

Alaudin anavula chipewa. Maso anali atafiira, ndipo sanayang'ane a Henderson. Anayang'ana kukona kuja.

"Bwana, zigoli munandiwerengera zija, mpira ndinkaupeza ukundidikira pamchenga apo. Ine kwanga kunali kungothamanga. Womenyayo munamusiya kuno, lero mwamusiyanso."

Sumaili anatola jezi pa udzu n'kumuponyera Alaudin pachifuwa.

"Vala, wachedwa."