Wopambana Ali pa Makina Enawo

Chala changa chinaima pamwamba pa batani lotumizira. Uthenga wolengeza Mthandizi wa Chaka pa gulu lathu la atelala la pa intaneti ndinali nditamaliza kulemba. Wopambana anali mlamu wanga, amene anali pa makina enawo akupinda siketi ngati sakudziwa kanthu.

Lamulo ndinaika ndine: oyendetsa gulu sapikisana nawo. Oyendetsawo tinali awiri, ine ndi iyeyo. Mavoti atatsala pang'ono kuyamba, anati, "Alamu, maso akundivuta, ndichotseni pa udindowu." Ndinamumvera chisoni, mpaka ndinamugulira mankhwala odonthezera.

Ndiye anthu amuvotera. "Amayankha msanga," akutero. "Anandiphunzitsa kuika zipi yobisika." Za zipiyo ndinafotokoza ndine, manja ali pansalu, iye akungolemba pafoni yake zimene ndinkanena. Chaka chonse tinkachita choncho.

"Maso ali bwanji, alamu?" ndinafunsa.

"Ndikupezako bwino," anatero, ulusi n'kulowa pasingano kamodzi n'kamodzi. "Mwalengeza? Anthu akudikiratu. Musaiwale kunena kuti zonse zayenda mwachilungamo."

Zinayendadi mwachilungamo. Mavoti ndinawerenga ndekha. Ndinadina.

Foni yake inayamba kulira mosalekeza. Anawerenga mauthenga omuyamikira akumwetulira, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, wina akufunsa za kolala ya shati yomwe ikukana kugona. Ndimuyankhe kuti chiyani?"

Ndinatola mapini, ndinawaluma ndi milomo, n'kuponda makina.