Mizere Khumi ndi Inayi

Mphunzitsiyo anaitembenuza kalata ija kawiri. Chivulalireni mutu pangozi ya njinga yamoto, zilembo ankaziona bwinobwino, koma zinkangomuyang'ana ngati alendo.

"Tandiwerengerani, mayi," anatero akupatsira mkazi wake.

Mkaziyo anayendetsa maso mpaka m'munsi mwa pepala.

"Yachokera kusukulu. Akuti muchire msanga."

"Basi?"

"Basi, bambo."

Mphunzitsiyo anaitenganso n'kutsetsereza chala pamzere uliwonse. Inalipo khumi ndi inayi, pansi pake chidindo chofiira.

"Mizere yonseyi, mawu awiri okha?"

Mkaziyo sanamuyang'ane. Anapita pampando, nanyamula shati yoyera imene anali atamusitira kuti avale Lolemba pobwerera kuntchito, n'kukaibweza m'kabati mwakachetechete.