Nyimbo khumi zimene sizinafike pa disiki

Panali munthu wina amene anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo. Anali wamtima wapachala, womva zake zokha. Kompyuta ya mu situdiyomo ankaisamalira mayi wina amene anagwira naye ntchito zaka zisanu ndi chimodzi.

Kompyuta ikamajambula siilemba pa disiki pompopompo. Kenelo, yomwe ndi mtima wake, imayamba yasunga mawuwo mu memori n'kumawatsitsira pa disiki pambuyo pake. Magetsi akazima, zomwe zili mu memori zimapitiratu. Mayiyu anaichuna kuti izitsitsa pafupipafupi, ngakhale izi zinkaichedwetsa pang'ono.

Tsiku lina kunabwera mkulu wogulitsa zingwe za masipika, wapakamwa pothyathyalika.

"Bwana, makina okwera mtengo chonchi n'kumayenda ngati nkhono? Wina akukudyani maso. Ndipatseni mphindi zisanu."

Anaichuna kuti izisunga zonse mu memori kwa maola ambiri. Kompyuta inayambadi kuthamanga.

"Bwana, liwiro limeneli n'labodza," anatero mayi uja. "Siikulemba pa disiki. Magetsi akangozima mwataya ntchito ya tsiku lonse."

Bwanayo anakalipa: "Ndiye mwakhala mukundinamiza zaka zonsezi? Tengani kachikwama kanu muzipita. Mukapitirize uneneri wanuwo kwa amuna anu."

Anamuthamangitsa pamaso pa makasitomala, bwanayo akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Bambo ake a mwini situdiyoyu anali woimba wakale amene sanajambulepo nyimbo ndi imodzi yomwe. Anali ndi khansa yapakhosi, ndipo madokotala anati Lachisanu awachotsa kholingo. Lachinayi m'mawa anafika mu situdiyo ndi gitala yawo.

"Mwana wanga, undisungire mawuwa. Adzukulu adzadziwe kuti ndinkaimba."

Anaimba nyimbo khumi, akupumira kumwa madzi ofunda, mpaka mawu anasasiratu. Cha m'ma 3 koloko, akupukuta gitala, magetsi anazima. Atayaka, mafayilo onse khumi analipo mayina okha, m'kati mulibe kanthu.

Wazingwe uja foni yake siinkalowa. Mwini situdiyo manyazi anawaika pambali n'kuimbira mayi uja.

"Mayi, ndagwira mwendo wanu."

"Chomwe sichinafike pa disiki palibe angachibweze, bwana. Bambowo ndawamvera chisoni. Inu ayi."

Bwanayo analibe mtima wowauza bambo ake. Lachisanu anawachita opaleshoni. Patatha masiku atatu anakawaona, anawapeza atatsamira pilo, akumwetulira. Anakoka kope la pambali pa bedi n'kulemba: "Wabweretsa? Ndimve ya nambala 4, ija ya amayi ako."

Anesi akuti mwanayo anaima pamenepo ndi foni m'manja, akunamizira kufunafuna, mpaka nthawi yoona odwala inatha.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Wodziwa ntchito akakuuzani kuti chinthu chikuchedwa dala, m'funseni chifukwa musanamutukwane, ndipo mlendo wa mphindi zisanu musamupatse makina osunga zomwe simungazijambulenso. Tumizirani anzanu, makamaka mabwana aja amene amati amadziwa zonse.