Manja Anayi Adagonja kwa Limodzi

Hélio adalanda boti la amalume ake, a Yoram, mu Ogasiti chaka chatha, masanasana anthu akuona.

Zidachitikira pa msonkhano wa kampani yawo yowolotsa anthu kupita ku Zumbo, tsidya lina la mtsinje. Poiyambitsa, a Yoram adapereka botilo, anzawo atatu adasonkha zochepa, Hélio adabweretsa injini yatsopano. Aliyense adalandira masheya molingana ndi chimene adabweretsa.

"Botili tigulitse, wogula wapezeka kale," adatero Hélio.

A Yoram adaimirira. "Ugulitse chiyani, mwana iwe? Ndidalikhoma ndekha usanamere mano."

"Ndi la kampani, amalume. Inu muli ndi masheya, osati matabwa."

A Yoram adati, "Tivote tione. Amene akukana akweze dzanja."

Manja anayi adakwera, monga amachitira kutchalitchi posankha akulu a mpingo. Mtima wa a Yoram udakhala pansi. Kenaka, itafika nthawi ya ovomera, Hélio adakweza lake yekhayekha, osafulumira.

"Waluza, khala pansi," adatero a Yoram.

"Kuno sitiwerenga manja, amalume. Sheya iliyonse ndi voti. Injini yanga idandipatsa masheya ambiri kuposa anu nonse pamodzi."

A Yoram adayang'ana anzawo kuti wina alankhule. Onse adazolika, manja nkumatsika limodzilimodzi.

Botilo adagula ndi munthu wa ku Zumbo, ndipo likuwolotsabe anthu. Ndalama zake akuti zili m'kampani. A Yoram akadali mmodzi wa eni kampaniyo. Akafuna kuwoloka kukaona mwana wawo, amalipira ngati wina aliyense.